Ana anga akukana kugona bedi limodzi tikakhala paulendo

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndi amuna anga ndi ana athu atatu. Nkhani yanga ena akaimva aseka, pakuti si ya chibwenzi chamseri kapena ya banja lofuna kutha ngati zomwe timawerenga patsamba lanu lino. Ndi ya malo ogona basi. Koma yandisowetsa mtendere, moti Khirisimasi ikubwerayi ndikuiopa ngati mwana woopa mayeso.

Wachisamba wanga ndi mtsikana wa zaka 14, ali Fomu 2. Womupondayo ndi mnyamata wa zaka 11, ndipo mzime ndi mtsikana wa zaka 8. Pakhomo palibe vuto. Mnyamata ali ndi kachipinda kake, atsikana ali ndi chawo momwe muli bedi losanjikizana lomwe tinakhometsa kwa kalipentala, wamkulu pamwamba, wamng'ono pansi, aliyense m'neti mwake. Amalimbirana mafuta odzola ndi chipeso ngati ana ena onse, kwinaku akuseka. Nkhondo imabuka tikangotuluka pageti ndi zikwama.

Zinayamba pa Khirisimasi ya chaka chatha kwa apongozi anga ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Nyumba yawo ndi ya zipinda zitatu, ndipo nyengo imeneyo ana awo onse amabwera ndi mabanja awo, wina kuchokera ku Blantyre, wina ku Mzuzu. Akuluakulu timagawana zipindazo, ana amayala pabalaza ndi m'nyumba ya alamu anga yomwe ili poteropo. Atsikana anga awiriwa anapatsidwa matiresi amodzi ndi bulangete limodzi. Tsono wamng'onoyu ali ndi vuto lokodza pogona. Si tsiku lililonse, koma akagona malo achilendo, kapena akatopa ndi masewera, zimachitika. Usiku wa pa 25 Disembala, atamwa thobwa ndi Fanta tsiku lonse, zinachitikadi. Mkulu wake anadzuka m'bandakucha diresi ili chonyowa mbali yonse, ndipo m'malo mobwera kudzandinong'oneza, anakuwa pamaso pa asuweni awo onse. Kutacha apongozi anatulutsa matiresiwo n'kuwayanika pabwalo, poonekera aliyense wodutsa. Mvula ya ku Ntcheu mukuidziwa, dzuwa la ola limodzi kenako mitambo. Matiresi aja anakhala akutuluka ndi kulowa masiku atatu, ndipo masiku atatu onsewo mwana wanga ankaitanidwa dzina lachipongwe lomwe sindingalembe pano. Anasiya kusewera, ankangonditsatira kukhitchini atagwira chitenje changa.

Ndinamukalipira wamkuluyo, iyenso anapepesa mwa pakamwa chabe. Ndinkaganiza kuti zatha.

Chaka chino pa 15 Okutobala, pa Tsiku la Anakubala, bambo a anawa anati tikapitidwe mphepo kunyanja ku Senga Bay, tigone usiku umodzi. Ndalama yake tinachita kusonkha miyezi ingapo, ina ndinakatapa ku banki mkhonde, ndipo inakwanira chipinda chimodzi chokha cha mabedi awiri ndi maneti awiri. Mukudziwa mmene malo ogona amadulira kunyanja pa tsiku limeneli. Ndinakonza bwinobwino: ife bedi limodzi, atsikana bedi linalo, mnyamata pansi pa kamatiresi komwe tinanyamula, ndi neti yake yomwe ndinamangirira pazenera ndi pa msomali wa kuchitseko. Masana zonse zinali bwino. Anasambira, tinadya chambo chowotcha, anajambulana pafoni mpaka batire kutha.

Itakwana nthawi yogona, wamkulu anangoti, "Ine sindigona ndi ameneyu." Wamng'ono naye, yemwe kale akanangolira, anayankha kuti, "Inenso sindigona ndi asisi, amandiseka." Bambo awo anayamba ndi kunyengerera, kenako mawu anakwera. Magetsi anali atazima, fani itaima, kutentha kwa Okutobala ku Salima kuli ngati m'ng'anjo, tonse thukuta lili kamukamu. Wamkulu anakhala pampando manja atapinda mpaka cha m'ma 11 koloko, kenako anangolowa m'neti ya mlongo wake pansi paja n'kufunda kumutu. Bambo anauza mnyamatayo kuti akwere pabedi agone ndi kamlongo kake. Iye anakana kwamtuwagalu, ati wakula, ndipo kunena zoona inenso mumtima sindinafune. Anatenga chitenje changa n'kuyala pasimenti pafupi ndi chitseko, popanda neti. Wamng'ono anagona yekha pa bedi lalikulu akusisima. Ine sindinaone tulo. Ndinkangomva udzudzu ukuimba, mnyamata akudziwomba mbama m'miyendo, bambo akutembenuka mokwiya. Ndinati ndidzuke ndimulowetse m'neti mwathu, koma iye anati kukutentha, ali bwino pomwepo.

Patatha masiku khumi ndi angapo mnyamata uja anadwala malungo. Anamuyeza, anamupatsa LA, anachira, koma anajomba kusukulu pafupifupi sabata yathunthu. Apa m'pamene nkhaniyi inafika pa mwana wakana phala. Bambo ake akuti malungowo anabwera chifukwa cha mwano wa mwana wamkazi, ndipo anamuuza pamaso kuti akanapha mlongo wake. Mwanayo analira usiku wonse. Mpaka lero akamva galimoto ya bambo ake pageti amathawira kuchipinda.

Maganizo a amuna anga ndi akuti tawalera mosasatitsa. Amati iwo anakulira m'mphala, anyamata asanu pamphasa imodzi, chofunda chimodzi, m'chisanu cha Juni cha ku Ntcheu, ndipo palibe anafa. Amati kuwongola mtengo m'poyamba, tikawagonjera lero mawa adzakana kudyera mbale imodzi, mkuja adzakana kuthandizana pamavuto. Apongozi nawo atamva za kunyanjazo anandiimbira foni n'kuti chibale ndi fupa sichiwola, ana obadwa mimba imodzi sanyansidwana, ndipo awa ndi matama a ana a m'tauni. Anawonjeza kuti wokodzayo ndibwere naye, kumudzi amadziwa kothetsa zimenezi, ati kungomumangirira chule m'chiuno usiku umodzi basi. Ndinangoti zikomo amayi, koma mtima unandiwawa.

Poyamba nanenso ndinkaona ngati ndi matama. Koma tsiku lina tikuphika awiriwiri, wamkuluyu anandiuza chomwe sananene kunyanja kuja. Anatha msinkhu kumayambiriro kwa chaka chino, ndipo usiku umenewo anali kumwezi. Ankaopa kuti adetsa nsalu yoyera ya eni malowo, mng'ono wake aona, ndiye abwezera zija za ku Ntcheu pouza aliyense. Ananena kuti, "Amayi, ndikananena bwanji adadi ali pomwepo, achimwene ali pomwepo?" Ndinasowa chonena, Azakhali. Ine mayi wake, amene ndinamulangiza ndekha ndi azakhali ake, sindinaganizeko n'komwe zomufunsa tisananyamuke. Anawonjezanso kuti mng'ono wakeyo amagona ngati akupalasa njinga, mateche usiku wonse, zomwe n'zoona chifukwa nanenso ndinazilawapo.

Kuyambira tsiku limenelo mawu oti "kale tinkagona pamodzi" ndimawamva mosiyana. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo n'zoona kuti tinkagona ambiri pamkeka umodzi kwa agogo, akutiimbira nthano mpaka tulo. Koma ndikukumbukiranso kuti mtsikana akangotha msinkhu sankagonanso ndi tiana. Ankapita kugowelo kwa anamwali anzake, anyamata nawo anali ndi mphala yawo kutali. Makolo athu ankadziwa kuti pali msinkhu woti munthu apatsidwe malo ake. Ndife a lero amene tikuunjika bambo, mayi, namwali, mnyamata ndi kamwana m'chipinda chimodzi chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba, kenako n'kumati ana akuphwanya mwambo. Komanso ndisaname, ineyo ndinkagona pafupi ndi msuweni wanga wina yemwe ankakodza mpaka zaka 10, ndipo kugona naye sikunandichititse kumukonda. Tinayamba kugwirizana titakula, aliyense ali pakhomo pake. Izi ndikawauza amuna anga amati ndikuikira kumbuyo mwana.

Mbali yovuta n'njakuti chifukwa chenichenicho sindinawauze. Mwanayo anandichonderera kuti bambo ake asamve, ndipo kwathu nkhani zoterezi sitikamba ndi abambo mwachisawawa. Ndiye iwo akuweruza mlandu atamva mbali imodzi, ine ndili pakati, kuno ndasunga chinsinsi cha mwana, uku ndikuoneka ngati mkazi wotsutsa mwamuna wake pamaso pa ana.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Wamng'onoyu ndinapita naye kuchipatala. Anayeza mkodzo, anayezanso likodzo poti timapitapita kunyanja, sanapeze kanthu. Adokotala anati ana ambiri a msinkhu wake zimawachitikira, nthawi zambiri zimatha zokha akamakula, ndipo kumuchititsa manyazi kapena kumumenya kumangowonjezera. Anati achepetse zakumwa madzulo ndipo azikodza asanagone. Ndinagula makintoshi, ndimamudzutsa pakati pa usiku, ndipo pakhomo zachepa ndithu, mwezi umatha mwina kangozi kamodzi. Koma paulendo, ndi mantha omwe ali nawo tsopano, sindingalumbire. Mu Ogasiti titapita ku ukwati wa mng'ono wanga ku Blantyre ndinayesa kuika pilo pakati pawo, wina mutu uku wina mutu uko, aliyense chofunda chake. Wamkulu anagona m'mphepete mwenimweni ngati agwa, wamng'ono anadziletsa tulo poopa kukodza, ndipo m'tchalitchi mawa lake onse awiri ankasinza. Ndinalonjezapo nsapato zatsopano kwa amene agone mwamtendere, wamkulu anati nsapatozo zikhale.

Ndinaganiza zogula kamatiresi kena kopyapyala ndi neti yachiwiri kuti tizinyamula. Koma kagalimoto kathu n'kakang'ono, ndipo popita kumudzi kamadzaza ndi shuga, mafuta ophikira, mpunga ndi zovala za ana amasiye a malemu alamu anga. Kuwonjezera apo, ndikuwadziwa apongozi anga. Ndikatsika ndi matiresi pamutu adzati mkamwana akunyoza, akuti kwathu kulibe pogona, ndipo nkhaniyo idzafika mpaka ku Mzuzu. Ndinatinso wamng'onoyu azigona ndi ine, bambo ake akagone ndi mnyamata kwa amuna anzawo. Iwo anaseka n'kuti sanakwatire kuti pa Khirisimasi azikagona kumphala. Zomusiya wamkulu kwa mkulu wanga ku Kawale anakananso, ati agogo amafuna kuona zidzukulu zonse, komanso namwali sasiyidwa m'tauni nyengo ya zisangalalo. Pamenepo pokha ndikugwirizana nawo.

Chomwe chikundiopsa kwambiri si tulo ta masiku anayi ayi. N'chakuti atsikana awiriwa, omwe kale ankalukana tsitsi Loweruka lililonse, tsopano amalankhulana mwa apo ndi apo. Wamng'ono amabisa zovala zake zogonera pansi pa matiresi kuti mkulu wake asaone ngati zanyowa. Wamkulu amakiya chikwama chake. Mnyamata, yemwe sanalakwe kanthu, ndiye anadwala, ndipo tsopano akuti iye maulendo atopa nawo, bola azitsala ndi galu.

Ndiye ndithandizeni nzeru, mutu umodzi susenza denga. Kodi ndiwakakamize kugona pamodzi monga akunenera bambo awo, poyembekeza kuti adzazolowera, kapena kukakamizako n'kumene kudzawadanitse mpaka kalekale? Nanga mtsikana wa zaka 14 akamafuna pogona payekha, ndi mwano kapena ndi msinkhu? Ngati ndi msinkhu, ndiwauze bwanji amuna anga kuti amvetse popanda kuulula zomwe mwana anandipempha kuti ndisunge? Kapena ndingowauza, mwanayo akwiye lero adzandikhululukire mawa?

Za apongozi nazo zikundizunguza. Ndalingalira zowaimbira tisananyamuke, ndiwapemphe mwaulemu kuti namwaliyu akagone m'chipinda mwawo, iwo pabedi iye pamphasa, monga zinkakhalira kukuka, ndipo wamng'onoyu ndiyale pansi m'chipinda chathu pomwe ngozi ikachitika ndidzaisamalira ndekha kusanache. Mwina angakondwe kuti mdzukulu wawo wamkulu akugona kwa iwo. Mwinanso angafunse kuti bwanji osagona ndi mng'ono wake, n'kuyambiranso za chule zija. Mawu oyambira nkhani imeneyi kwa mayi wobereka mwamuna wako ndi ati, oti asamve ngati ukuwaphunzitsa kulera ana pomwe iwo analera asanu ndi awiri?

Tikunyamuka pa 23 Disembala. Dzulo ndikuchapa, wamng'ono uja anabwera n'kukhala pambali pa beseni, anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Amayi, ku Ntcheu ndikagona ndi ndani?" Ndinamuuza kuti apite akandibweretsere sopo.

Chonde ndiyankheni tsikuli lisanafike.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe