Malipiro asakhalenso chinsinsi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa nkhani ya malipiro. Mu 1951 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano loti amuna ndi akazi azilandira mofanana akagwira ntchito yofanana. Bungwe la United Nations nalo linavomereza pangano lothana ndi tsankho la mtundu mu 1965, kenako lothana ndi kusala amayi mu 1979. Nanga bwanji mpaka lero m'maiko ambiri mayi wachikuda akulandirabe zochepa kuposa mwamuna wachizungu? Mayiyu amaponderezedwa kawiri, chifukwa cha khungu lake komanso chifukwa ndi mkazi. Akangoyembekezera, mwayi wokwezedwa pantchito umamudutsa, zomwe zimandiwawa kwambiri.

Tsankholi limabisala poti malipiro sakambidwa poyera. Maboma akakamize olemba ntchito kuulula ndalama zomwe amalipira pa udindo uliwonse, kuti woberedwa adziwe n'kukadandaula.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa