Injini zamagetsi pa maboti a alendo: yambani mwawerengera batire

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya maboti onyamula alendo ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay ndi pa Shire ku Liwonde. Ambiri amayendera injini za two-stroke, zija zosakaniza petulo ndi oyilo. Injini zakale zamtunduwu zimalavulira m'madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafuta asanapse n'komwe. Mukasuzumira kumbuyo kwa boti m'mawa nyanja ili bata, mumaona mafuta akunyezimira ngati utawaleza pamwamba pa miyala imene mbuna zimadyapo ndere. Kumbukirani kuti paki ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsombazi.

Injini zamagetsi zopachika kumbuyo kwa boti zilipo kale, monga za Torqeedo ya ku Germany ndi ePropulsion ya ku China, ndipo pa mtsinje wa Chobe ku Botswana alendo amaonera nyama ali m'maboti amagetsi. Phokoso palibe, choncho mvuu ndi nkhwazi sizidzidzimuka. Koma amene akufuna kugula asatengeke ndi kukongola kwake. Nkhani yagona pa batire.

Tengani batire ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4, ya mavolti 48 ndi 100Ah. Imasunga 4.8 kWh (kWh imodzi ndi mphamvu yoyendetsa injini ya 1 kW kwa ola limodzi) ndipo imalemera makilogalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu yoti muidalire ndi 4 kWh. Injini ya 3 kW mukaitsegula yonse, batireyo yatha pa ola limodzi ndi mphindi 20. Mukaiyendetsa pa 1 kW, mukhala pamadzi maola anayi. Kuyenda mwachifatse kumakufikitsani patali chifukwa madzi amakaniza boti kwambiri likamathamanga: kuti liwiro liwirikize kawiri, mphamvu yofunika imakwera pafupifupi kasanu ndi katatu. Ulendo wochoka ku Chembe kupita ku chilumba cha Thumbi kapena ku Otter Point, woyenda mwachifatse, ndi wokwanira bwino. Ulendo wautali nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umenewo ayi. Mafunde amadya batire mosayembekezereka, ndipo pakati pa nyanja simungathire magetsi ngati mmene mumathirira petulo wa m'chigubu. Gawani batire patatu: popita, pobwerera, ndi yotsala yodikira mphepo. Nkhafi zisachoke m'boti.

Zambiri zimene zimawonongeka ndi zazing'ono. Choyamba ndi waya wowonda. Injini ya 3 kW imakoka ma ampeya opitirira 60 pa mavolti 48, koma pa mavolti 12 ingakoke 250, ndiye waya wa m'nyumba amatentha mpaka kusungunuka. Ikani waya wonenepa, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire. China ndi ulusi wa ukonde kapena wa mbedza. Umakulungika kuseri kwa pulopela, n'kumadya silo, mphira yotchinga madzi, pang'onopang'ono mpaka madzi alowe mu mota, imene pa injini zambiri zamagetsi imakhala pansi pa madzi. Masulani pulopela sabata iliyonse muchotse ulusiwo; ndi ntchito ya mphindi zisanu. Polumikizira mawaya pazikhala pouma ndi popaka girisi, apo ayi pamachita dzimbiri lobiriwira ndipo injini imangozima yokha. Batire isasiyidwe padzuwa la Okutobala, iikeni m'bokosi lapamthunzi lokwezeka kuti madzi olowa m'boti asaifike.

Ena amati apulumutse ndalama pogwiritsa ntchito mabatire a galimoto. Amenewo anapangidwa kuti alize injini kwa kanthawi, osati kukhetsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo safika patali. Ngakhale a asidi opangidwira sola safuna kutsitsidwa kupitirira theka. Tchaja nayo ikhale yogwirizana ndi mtundu wa batire.

Potchaja, panelo ya sola ya 400 W imapereka pafupifupi 1.6 mpaka 2 kWh patsiku lowala bwino. Mapanelo atatu padenga la loji amadzaza batire ija tsiku limodzi, ndiye boti loyenda tsiku lililonse lifunika mabatire awiri osinthana.

Pempho lathu lipite ku sukulu ya zapamadzi ku Monkey Bay ndi sukulu zaluso: yambani kuphunzitsa achinyamata kuyeza mabatire, kusintha masilo ndi kumanga mawaya a maboti, chifukwa makaniko wodziwa kabyuleta yekha injini izi sangazigwire.

Amakaniko a injini za maboti,
Mangochi