Penshoni ya ku Britain imaima ukangosamukira dziko lolakwika

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinene nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa tulo, chifukwa anthu akamva kuti mzungu wapuma pantchito ndipo wakakhala kunja amangoti aaa ameneyo zake zinayera, mapaundi akungogwa mwezi ndi mwezi iye ali phee m'mbali mwa nyanja. Ine ndimakhala ku Leeds, ndinakwatiwa konkuno, ndipo mapepala a apongozi anga aamuna ndimayendetsa ndine popeza amuna anga akangoona envulopu yochokera kuboma mutu umayamba kuwapweteka asanaitsegule n'komwe.

Madalawa anagwira ntchito zaka zoposa 35 akudulidwa National Insurance, ndalama yomwe wogwira ntchito amasonkha kuboma kuti adzalandire penshoni, osaphonya, ndiye atapuma mu 2016 anati kuzizira kwandikwana, nyamakazi indipha, n'kusamukira ku Durban, ku South Africa. Nthawi imeneyo penshoni ya boma yathunthu inali £155.65 pa sabata. Mukudziwa kuti lero akulandira zingati? £155.65 yomweyo, osawonjezera ngakhale kakobidi. Mnzawo yemwe anapuma naye chaka chimodzi koma anatsala kuno anafika pa £230.25 mu April 2025. Panthawiyo kusiyana kwake kunali £74.60 sabata iliyonse, pachaka pafupifupi £3,900, anthu oti anasonkha mofanana. Kuno penshoni imakwera chaka chilichonse ndi chomwe amachitcha triple lock, amayang'ana kukwera kwa mitengo, kukwera kwa malipiro ndi 2.5%, chomwe chili chachikulu pa zitatuzo ndi chomwe amatenga, moti mu April 2023 anakweza ndi 10.1% koma apongozi anangomvera pawailesi basi.

Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi kasankhidwe ka mayiko ake. Ukapita ku Spain, France, Portugal kaya dziko lililonse la EU penshoni imakwera bwinobwino. Ku America imakwera, koma ukangodumpha malire kulowa Canada yaima. Ku Philippines, Jamaica, Barbados ndi Mauritius imakwera, ku Australia, New Zealand, India, South Africa ayi, ndipo dziko lathu lilinso mugulu lomweli la oimitsidwa, nde abale anga amene mukugwira ntchito za unesi ndi zosamalira okalamba kunoko n'kumati ndikadzapuma ndidzabwerera kumudzi, iyi ndi yanunso. Boma limati limakweza pokhapo pamene pali pangano pakati pa mayiko awiriwo, eti. Koma ambiri mwa mayiko osiyidwawo ndi a Commonwealth omwe tsiku lililonse timauzidwa kuti ndi banja limodzi, banja lanji lomana anzawo chonchi? Anthu oposa 400,000 ali mmavuto amenewa.

Sikuti anthu anangokhala chete ayi. Mayi Annette Carson omwe ankakhala ku South Africa anatengera boma kukhoti, anagonja ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lalikulu kwambiri kuno, mu 2005, anapitirira mpaka kukhoti la ufulu wa anthu ku Strasbourg nakonso anagonja mu 2010. Palinso gogo Anne Puckridge, anagwira ntchito ya usilikali pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, anatsatira mwana wawo ku Canada mu 2001 ndipo penshoni yawo inaima pa £72.50 pa sabata. Choseketsa chake n'choti ukabwera kudzacheza ku Britain n'kuwadziwitsa, amakukwezera kwa masabata amene uli kunoko, ukangokwera ndege yobwerera ndalama ija yabwereranso pakale. Ndiye kuti kuwerengera amatha, kufuna ndi komwe sakufuna.

Pomwe penshoni yaima, a msonkho a HMRC sanaime nawo. Apongozi anasiya kanyumba kuno pa lendi, mwezi woyamba tinangoona ndalama yaperewera, kufunsa akuti wosamalira nyumba akuyenera kudula 20% kwa mwininyumba aliyense wokhala kunja pokhapokha utalemba fomu ya NRL1 n'kuvomerezedwa. Tinalemba, zinatheka, koma chaka ndi chaka timalembabe za msonkho, mwayi wake n'ngwoti nzika ya Britain imakhalabe ndi £12,570 yosadulidwa msonkho ngakhale ili kunja. Akadzagulitsa nyumbayo akuyenera kunena pasanathe masiku 60, phindu likhalepo kapena lisakhalepo. Masiku obwera kudzacheza nawonso timachita kuwerenga pakalendala, ukakwanitsa 183 m'chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 6 April, basi wasanduka wokhala konkuno, ndipo ngati uli ndi nyumba kapena banja kuno akhoza kukugwira ndi masiku ochepa kuposa pamenepo. Amene anali aphunzitsi a boma, apolisi kapena asilikali, penshoni yawo yakuntchito nthawi zambiri imadulidwa msonkho ku Britain komweko olo atathawira kutali bwanji.

Ndiye pali kafomu kena kotsimikizira kuti munthu adakali moyo. Kamabwera pa positi, umasaina pamaso pa mboni ngati dokotala kapena loya, ukachedwa kubweza amaimitsa penshoni yonse. Fomu ya apongozi inasochera munjira, tinangozindikira ndalama sizikulowa, ine pafoni kudikira ndi kanyimbo kaja mpaka khutu kutentha, kuti ndiwauze kuti madala ali moyo ndipo m'mawa womwewo anali akukalipira mpira. Chaka chomwecho banki ina inawalembera kuti ikutseka akaunti yawo poti alibe adiresi ya kuno, munthu woti anasunga nawo ndalama kuyambira ali mnyamata.

Zachipatala ndiye osanena. Anthu amaganiza kuti pasipoti yokha ndi yokwanira kuthandizidwa ulere ku NHS, zipatala za boma za kuno, ayi ndithu, amayang'ana komwe ukukhala. Opuma okhala ku EU ali ndi fomu ya S1 yomwe imawathandiza, koma wochokera ku Durban akagonekedwa m'chipatala ku England amalipitsidwa 150% ya mtengo wake, ndipo inshuwalansi ya munthu wa zaka 70 ndi kuposa imakwera chaka chilichonse pomwe penshoni ili pompaja.

Kuyambira January 2024 nzika zokhala kunja zimavota ngakhale zitakhalako zaka zoposa 15, kale zikakwana zimenezo unkachotsedwa m'kaundula. Apongozi tinawalembetsa, ndipo alembera kale phungu wa dera lawo lakale makalata awiri. Sabata yatha anandiimbira kufunsa ngati anthu a lendi aja angatuluke m'nyumba chaka chamawa, akuti mwina angobwerako, nyamakazi adzalimbana nayo ndi bulangete.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Leeds