Musatope nayo mbiri ya gulu lanu

Lizulu, Ntcheu

Okondedwa achimwene,

Ndakondwa kumva kuti gulu lanu la matelala ku Johannesburg lakusankhani kukhala wapampando. Koma sindikugwirizana nanu pamene mukuti mwatopa kufotokoza chiyambi cha gululo pa msonkhano uliwonse, poopa kuoneka ngati munthu wosowa chonena. Wotopa ndinu nokha, chifukwa mumaimva nkhaniyo nthawi iliyonse ikamatuluka m'kamwa mwanu, pomwe mnzanu wolowa gulu mwezi uno waimva kamodzi kokha, mwinanso ali mkati moyeza nsalu.

Kumbukirani kwathu kuno. Inkosi Gomani Chikuse inaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ndipo amene anaona ndi maso onse anatsogola, komabe mwana wa Chingoni amaidziwa nkhaniyo chifukwa akuluakulu amaibwereza chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, ngoma ikuvinidwa, zishango zili m'manja. Pamene mwana wake, Philip Gomani, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu sanachite kufuna wowamasulira, pakuti anazindikira mtima wa bambo ake. Nawo a Kamuzu anabwereza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, mpaka lero okalamba amazitchula osaphonya, ngakhale kuti pamenepo panalinso mantha komanso wailesi inali imodzi, zomwe sindikukufunirani.

Pa malonda n'chimodzimodzi. Ogulitsa kachewere ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafuula kuti "wa ku Tsangano uyu", ndipo wogula amamva za nthaka yozizira ya kumapiri popanda chikwangwani chilichonse. Dzinalo linakula chifukwa chotchulidwa tsiku ndi tsiku, koma limafa pomwepo mayi akakhuthula chidebe kunyumba n'kupeza kuti zikuluzikulu zinali pamwamba pokha, pansi pali tinthu tonga mazira a njiwa. Nkhani yobwerezedwa imagwira pokhapokha katundu akamaivomereza.

Choncho sankhani nkhani imodzi yoona, ija munandiuza ya makina amodzi obwereka amene munkasinthana usiku, ndipo muziinena chimodzimodzi kwa kasitomala, kwa wophunzira ntchito ngakhale pa Facebook, osaikometsera. Mukadzamva telala wina akuifotokoza kwa mlendo inu mulibe mbali, mukhoza kupumako.

Kuno mvula yayamba ndipo tadzala. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kumudzi