Mtsikana wa pasukulu akasowa, alipo womufunsa

Akonzi,

Ndine mayi wogulitsa mbatatesi kufupi ndi chipata cha m'malire cha Calomue kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndipo ndalemba chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga.

Mtsikanayu atamaliza pulayimale anangokhala pakhomo. Sekondale ili ku Ulongué, ndipo makolo ake analibe ya lendi ngakhale ufa woti azikadya kumeneko. Kenaka kunabwera mayi wina wotchena, foni yaikulu ili m'manja, amvekere ku Joni kuli ntchito yoluka tsitsi. Anasiyira mchemwali wanga chitenje ndi mapaketi awiri a shuga. Mwana anadutsa naye ku Tete mpaka kukatulukira ku Cuchamano, chipata cholowera ku Zimbabwe. Atangofika ku Joni anamulanda foni ndi zitupa, n'kumuuza kuti ali ndi ngongole ya ulendo. Anabwerako patatha zaka ziwiri ataonda zedi, ndipo mpaka lero mukamufunsa za kumeneko amangozolika, n'kumafukula dothi ndi chala cha kuphazi.

Chimandiwawa n'chakuti ponyamuka palibe amene anafunsa kanthu. Ineyo ndi amene ndinamuthandiza kulongedza chikwama. Mayi yemweyo ananyengereranso mnzake wa mwanayu yemwe anali pasukulu, koma atajomba masiku atatu, aphunzitsi anatuma mwana kukafunsa kwawo, nkhani n'kufika kwa amfumu asananyamuke. Wa pasukulu dzina lake limaitanidwa m'mawa uliwonse. Wa pakhomo akachoka timangoti wapeza ntchito.

Malamulo alipo. La 2008 likuletsa kugulitsa anthu, la 2019 likuletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo la 2018 likuti mwana aliyense aziphunzira mpaka kalasi 9. Nanga kalasi 9 yake ikakhala ulendo wa maola atatu wapansi, mtsikana akafikako bwanji dzinja lino mitsinje itadzadza? Komanso misewu yathuyi imameza anthu. Sitinaiwale anthu 64 a ku Ethiopia amene anapezeka atafera m'kontena pa Mussacama, m'chigawo chomwe chino cha Tete, mu 2020.

Akuluakulu a maphunziro ku Tete, tibweretsereni makalasi 7 mpaka 9 kumidzi kuno, apo ayi timangireni malo ogona atsikana ku sekondale. Makolo anzanga, mlendo akabwera ndi shuga kudzapempha mwana, imbani 116, nambala yothandiza ana, n'kwaulere.

Mwana wathuyu akuti akufuna kubwerera m'kalasi chaka chamawa. Ndayamba kale kupatula ya yunifomu pa thumba lililonse lomwe ndagulitsa.

Mayi wodandaula,
Angónia