Makeke a Pesach: kuchotsa yisiti kokha sikukwanira

Akonzi,

Amalawi ambiri akugwira ntchito yophika m'nyumba za Ayuda ku Johannesburg, ndipo nyengo ya Pesach (chikondwerero cha Paska cha Ayuda) ikafika ena amaganiza kuti akangosiya yisiti ndiye kuti zatha. Sizili choncho, ndipo cholakwika chimodzi chikhoza kutayitsa makeke onse.

Kunja kwa Israel, Pesach imatenga masiku 8. Choletsedwa ndi chametz: tirigu, balele, oats, rye kapena spelt zomwe zakhudzana ndi madzi kwa mphindi zoposa 18 zisanaphikidwe. Choncho ufa wa tirigu wa m'sitolo sulowa m'khitchini. M'malo mwake mumagwiritsa ntchito ufa wosalala wa matzah (buledi wosafufumitsa wa Ayuda), womwe unaphikidwa kale, ndi sitachi ya mbatatesi.

Pa timakeke 12 ta m'timakapu tengani mazira 4, shuga magalamu 150, ufa wa matzah magalamu 60, sitachi magalamu 40, madzi a ndimu masupuni awiri, mafuta ophikira masupuni atatu ndi kamchere. Dzira lililonse liswereni m'kapu payokha; la kadontho ka magazi litayeni.

Chofufumitsa apa ndi mpweya basi. Lekanitsani choyera ndi chachikasu, menyani choyeracho m'mbale youma bwino mpaka thovu liime nji, mukuthira theka la shuga pang'onopang'ono. Kadontho ka mafuta kapena kachikasu kakalowamo, thovu silikwera. Chachikasu chimenyeni ndi shuga wotsala, ndimu ndi mafuta, onjezani ufa wa matzah, sitachi ndi kamchere, kenako lowetsani thovu mofatsa pogwiritsa ntchito supuni, kuchokera pansi kupita pamwamba. Mukatakasa ngati phala, mpweya umathawa ndipo keke imatuluka yolimba. Phikani pa madigiri 175 kwa mphindi 18 mpaka 20 osatsegula uvuni, apo ayi aphwa pakati.

Chenjerani kwambiri ndi chimanga. Ayuda achi-Ashkenazi (omwe makolo awo anachokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya) sadya chimanga, mpunga ndi nyemba pa Pesach, pomwe baking powder ndi shuga wa icing wamba nthawi zambiri zimakhala ndi sitachi ya chimanga. Vanila wamadzi naye amatha kukhala ndi mowa wochokera ku mbewu zoletsedwa. Gulani zokhazo zolembedwa kuti Kosher for Passover, kutanthauza zololedwa pa Pesach. Batala musaikemo ngati makekewo adyedwe pambuyo pa nyama, chifukwa malamulo a Ayuda salola kusakaniza za mkaka ndi nyama.

Mabanja ena salola ngakhale ufa wa matzah kunyowa. Kwa iwo mumaphikira sitachi ndi maalimondi opera. Afunseni eni nyumba musanayambe, ndipo muphikire m'ziwiya zomwe amasungira Pesach yokha.

Wophika makeke,
Johannesburg