Lipoti la msonkhano wa zaumoyo: kuyeza CK m'magazi

A Wapampando, a komiti ndi anzanga nonse onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phiri,

Kumsonkhano munandituma pa boma la Mulanje kuja ndinapita. Za malungo ndi njoka ndidzafotokoza pakamwa. Pano ndalemba za kuyeza CK m'magazi, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza ifeyo kuposa ena onse amene anali m'holo muja.

CK, kapena kuti creatine kinase, ndi puloteni imene imakhala m'minofu, mumtima ndi muubongo. Minofu ikavulala, CK imatayikira m'magazi. Imayamba kukwera pakangopita maola ochepa, imafika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, kenako imatsika yokha munthu akapuma.

Apa ndinakweza mkono. Ndinati ife timasenza zikwama kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe, ena mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002, nanga yathu siizikhala yokwera? Adokotala anavomera. Ntchito yolemetsa imaikweza, ngakhalenso jakisoni wa pathako, kugwa khunyu, mowa wambiri ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi otchedwa statin. Amuna akuda athanzi nawonso CK yawo imakhala yokwererapo mwachibadwa. Choncho akakuyezani, nenani kuti mwangotsika m'phiri. Mwina adzakuuzani kuti mupume masiku angapo, adzayezenso.

Choopsa ndi rhabdomyolysis, pamene minofu yawonongeka kwambiri ndipo CK yapyola mlingo wake kasanu kapena kuposerapo. Zotuluka m'minofumo zimakawononga impso. Zizindikiro zake: ntchafu kuphwanya koopsa kapena kutupa, kufooka, ndi mkodzo wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akafulumira kukuikani madiripu impso zimapulumuka, koma mukachedwa nkhani yake ndi ya dialysis, kusefa magazi ndi makina, ku Queens.

Chimene chinandiluma ine ndi Brufen ndi Diclofenac. Tonse tikudziwa kuti ambirife timameza awiriawiri tikangotsika, thukuta lili kamukamu, madzi osamwa. Adokotala anati pa nthawi ngati imeneyo mankhwalawa amawonjezera kuvulaza impso. Chizolowezi chimenechi tichisiye, abale.

Ndikupempha a komiti kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane ziwiri: aliyense azinyamula botolo lake la madzi, osadalira mitsinje yokha, ndiponso anyamata ofuna kuthamanga nawo Porters Race ayambe kukonzekera msanga, pang'onopang'ono, osati kudzidzimutsa thupi mpikisano utayandikira.

Ine nthumwi yanu.